Ndani Analemba Kalata ya Lajabu?

Ine ndine Lajabu, ndimagulitsa nyama ya mbuzi pa msika wa Lirangwe, ndipo ndineneretu kuti sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Musandiseke. Amene anapitirira aja ambiri amaima pa benchi panga kumandinyengerera kuti ndiwaikireko kachiwindi. Koma pa mbumba yathu tili naye mmodzi amene sukulu anaitsata mpaka pomwe inathera. Ameneyo ndi Zulfa, mwana wa achemwali anga a Mwanahawa. Anakhala zaka zinayi ku yunivesite ku Zomba, n'kubwerako ndi digiri ya Chingerezi.

Tsiku lomwe anafika ndi gauni lake ndinazinga mbuzi ziwiri. Anthu anadya, anajambulitsa, kenako anayamba kumugawira ntchito ndi pakamwa. Wina akuti ukawerenge nkhani pa wailesi. Wina akuti ayi, ukaphunzitse ku sekondale. Bambo ake, a Sefu, ankangoti mwana wanga akagwira ku bwalo la ndege ku Chileka, azikalandira azungu akamatsika. Mayi wina anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti Chingerezi chimakoma m'banja, ndipo iwo ali ndi mchimwene wawo ku Joni.

Zaka ziwiri zinatha, aise. Ku wailesi ankafuna munthu amene anagwirapo kale pa wailesi. Ku uphunzitsi anamuuza kuti akaonjezere kaye pepala lina. Wa ku Joni uja anapezeka kuti ali kale ndi mkazi komanso ana asanu. Zulfa anatsala pa khonde la golosale ya bambo ake, ndi katebulo ndi kompyuta yakale, kumalembera anthu makalata ofunsira ntchito.

Apa ndiye panali zodabwitsa. Aliyense amene wamulembera kalata, ntchito ankaipeza. Wina anakalowa m'shopu ku Limbe, wina udalaivala. Ngakhale Greyson, mnzanga wa pa bawo, munthu woti amawodzera ali chiimire, anamulembera kalata n'kulembedwa ulonda pa kampani ina yotumiza katundu pa ndege ku Chileka. Ulonda, Greyson! Loweruka lililonse ankabwera pa benchi panga atavala yunifolomu, baji ikulendewera m'khosi, kumaloza nyama ndi kandodo. Zinkandipweteka, sindibisa. Ine zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndikuthamangitsa ntchentche, mnzanga ali ndi baji yokhala ndi chithunzi chake.

Ndi Greyson yemweyo amene anabwera ndi nkhani. Kampani yawo ija inkafuna kalaliki wolemba makalata opita kwa makasitomala akunja. Pepala lake anakamupatsa Zulfa. Achemwali anayambiratu kuthokoza Mulungu, a Sefu anayambiratu kuuza aliyense wobwera kudzagula sopo. Ine ndinadikira mpaka masana, ndinasamba m'manja, n'kupita pa khonde paja.

"Zulfa, undilembere kalata."

"Ya chiyani, amalume?"

"Ya ntchito ya ku Chileka ija."

"Ija ndikufunsira ineyo?"

"Yomweyo. Kodi kampaniyo ndi ya bambo ako?"

Kwathu kuno mwana sakanira malume wake. Mwini mbumba ndine. Tsiku lomwe adzakwatiwe, wolankhula ndine. Akadzalakwira anthu, wokagwada ndine. Ndiye Zulfa anangoti, "Khalani pansi, amalume," n'kuyamba kundifunsa mafunso ngati a kuchipatala. Mumadzuka nthawi yanji? Nyama ikapanda kutha mumatani nayo? Alipo anadwalapo atagula kwa inu? Munthu akabwera atakwiya kuti mwamupatsa mafupa okhaokha, mumamuuza chiyani? Ndinkayankha ndikuyasamula, poti ndinkaona ngati n'zopanda mutu.

Atamaliza anandiwerengera m'Chichewa. Abale! Kalatayo inkati ndine munthu amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndasamala katundu wosachedwa kuwonongeka popanda firiji, ndipo palibe kasitomala anadandaulapo za m'mimba. Inkati sindinachedwepo kutsegula, mvula kaya dzuwa. Inkati munthu wobwera akukalipa ndimacheza naye mpaka achoke akuseka, mawa n'kubweranso. Bodza munalibemo ngakhale limodzi. Koma munthu wa m'kalatamo ndikanakumana naye pamsewu, ndikanamupatukira n'kumupatsa moni wa manja awiri.

Patatha milungu iwiri foni yanga inalira ndili pakati podula mwendo wa mbuzi. Anati ndikafike ku Chileka Lachinayi naini koloko, ku intavyu. Foni ya Zulfa inali zii.

Achemwali anabwera okha pa msika. Sanandipatse ngakhale salamu.

"Iwe Lajabu, manyazi unawagulitsa limodzi ndi chikopa cha mbuzi? Mwana wavutika zaka zinayi ku Zomba, iwe ukuti ukakhale pa mpando wake? Ukalemba ndi chiyani kumeneko, chikwanje?"

Anthu anasiya kugula tomato n'kumatiyang'ana. Ine ndinati achemwali, pitani kunyumba, nkhani za pa banja sitikambira pa msika. Anapitadi, koma atamaliza kaye kukamba zonse.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa Zulfa n'kumuuza kuti andiwerengere kalata yake mwini. Inali mizere isanu. Dzina langa ndi ili, digiri yanga ndi iyi, ndaona kuti mukufuna munthu, ndikupempha ntchitoyo, zikomo.

"Basi?"

"Basi, amalume."

"Nanga zokometsera zija unandiikira ine?"

"Inu ndi inu. Ine ndizidzichemerera ndekha? Owerengawo ati ndine munthu wotani?"

Tinamulera tokha choncho. Kwathu munthu sanena zabwino zake, zimanenedwa ndi ena iye ataweramitsa mutu. Ku Zomba anamudyetsa mabuku onse aja, koma chimenechi sanamuchotse.

Mwina mukuganiza kuti ndinamva chisoni n'kusiya. Chisoni ndinamva ndithu. Koma baji ndinkaifunabe.

Lachinayi ndinavala jekete la pa ukwati wanga, lomwe mabatani ake sakumananso, n'kumuuza Zulfa kuti andiperekeze, azindiphunzitsa Chingerezi m'njira. Sanakane. Kuchoka pa Lirangwe mpaka pa Lunzu anandiloweza yankho loyamba, la dzina langa ndi komwe ndikuchokera. Kuchoka pa Lunzu kukafika pa Kameza, lachiwiri, la ntchito yomwe ndimagwira. M'minibasi ya ku Chileka, lachitatu, la chifukwa chomwe ndikufunira ntchitoyo. Kondakitala anaphunzira msanga kuposa ine, mpaka ankandikonza. Titafika, Greyson anandiperekera sawatcha pa geti ngati sakundidziwa. Zulfa anatsala panja, pa mthunzi wa mtengo, pomwe amayi ena ankagulitsa mandasi.

M'khonde la ofesi munali achinyamata asanu ndi mmodzi, onse a tayi ndi mafayilo. Ine ndinali ndi kofiya ndi mpango wopukutira thukuta. Koma woyamba kuitanidwa ndinali ine.

Mkati munali mayi mmodzi yekha, wa magalasi, dzina lake a Evelyn, amene amayang'anira zolemba anthu ntchito. Anandifunsa m'Chingerezi, ine ndinatulutsa yankho loyamba. Anafunsanso, ndinatulutsa lachiwiri. Anafunsa kachitatu, ndinatulutsa lachitatu, ndipo linatuluka bwino moti ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina wina wandimva. Atafunsa kachinayi, katundu anali atatha. Ndinabwerera pa loyamba.

A Evelyn anavula magalasi. "Bambo Lajabu, tiyeni tilankhule chakwathu, tisazunzane."

Anatsegula dirowa n'kuyala makalata anayi pa tebulo.

"Iyi ndi yanu. Iyi ndi ya mlonda wathu Greyson. Iyi ndi ya dalaivala, iyi ndi ya mayi wina amene amatisesera. Onse ndinu a ku Lirangwe. Ine ndawerenga makalata a ntchito zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anayi awa analemba ndi munthu mmodzi. Ndi ndani?"

Ine milandu ndakhalapo nayo, ndimaidziwa nkhope ya munthu amene akufuna dzina. Ndinaona apolisi akufika pa khonde la a Sefu. Ndinaona akunyamula kompyuta ija, akulanda digiri, achemwali akugubuduka pansi. Ndiye kuti kulembera anthu makalata n'koletsedwa, eti? Chabwino. Ndine wadyera, inde, koma mwini mbumba satchula dzina la mwana pa mlandu. Amaima yekha.

"Ndinalemba ndekha, madamu."

"Onse anayi?"

"Ndimathandiza anthu."

Anandikankhira pepala ndi cholembera. "Ndilembereninso mzere woyamba wokha."

"Magalasi ndaiwala kunyumba."

"Tengani angawa."

Ndinawavala ndithu, kuti ndione ngati nzeru zibwere. Sizinabwere. Ndinawabweza.

"Chabwino madamu, ndinene zoona. Anandilembera a Potiphar, mphunzitsi wopuma ntchito."

"Ali kuti a Potipharwo?"

"Anamwalira."

"Pepani. Liti?"

"Mu Febuluwale."

A Evelyn anayang'ana pamwamba pa kalata yanga. "Iyi yalembedwa mu Epulo."

"Analemberatu, madamu. Anali munthu wokonzekera."

Mayi uja anaseka mpaka kutsokomola. Anamwa madzi, anapukuta m'maso, kenako nkhope inabwerera m'malo.

"Anthu a ku Lirangwe muli ndi chiyani? Greyson nayenso analumbira kuti analemba yekha. Mverani bambo. Ine sindinakuitanireni ntchito, nanunso mukudziwa kuti simungaithe. Ndinakuitanani kuti mundilozere wolembayo. Munthu amene angatenge wogulitsa nyama n'kumulemba chonchi, popanda kunama pena paliponse, ndi amene kampani ino ikumufuna. Koma poti anamwalira, basi, tisankha mwa ali panjawo. Potuluka mundiitanire wotsatira."

Wallahi, sindinamvepo kuzizira kotere mwezi wa Epulo. Ntchito ya mwana inali pa tebulo pomwepo, yamufunafuna yokha, ine n'kuikwirira limodzi ndi munthu woti sanabadwe n'komwe.

"Madamu," ndinatero, "sanamwalire kwenikweni."

"A Potiphar?"

"Kulibe Potiphar. Wolembayo ndi Zulfa, mwana wa achemwali anga. Ali panja pa geti."

"Bambo, chilowereni muno mwandinamiza katatu."

"Kawiri, madamu. Za magalasi zija zinali mbali ya bodza loyamba."

Sindinadikire kuti andilole. Ndinathamanga kudutsa achinyamata a tayi aja, jekete likuuluka, n'kukamukoka Zulfa pa mkono mandasi ali kukamwa. M'njira ndinamufotokozera zomwe ndikanatha. Analowa akupukuta mafuta m'manja, n'kukhala m'mphepete mwa mpando.

A Evelyn anafunsa dzina, anadzuka, n'kuyamba kufufuza m'katoni yomwe inali pakona. Munali makalata okanidwa. Anaipeza pansi penipeni.

"Iyi ndi yanu, chemwali?"

"Eya, madamu."

"Iyi ndinaiponya muno tsiku lomwe inafika. Munthu amene analemba anayi awa sangalembe zouma chonchi. Amalume anuwa angokutolani pa geti kuti mupezereko mwayi."

"Ndinalemba ndine, madamu. Onsewo."

"Ndiye ndiuzeni. N'chifukwa chiyani ndikulembeni ntchito inuyo, osati ali panjawo?"

Zulfa anayang'ana pansi. Ine ndinamutsina pa chigongono. Pomaliza anati, "Ndili ndi digiri ya Chingerezi, madamu."

"Ali panjawo onse ali ndi madigiri. China?"

Mwana woti amatha kumufunsa Greyson mpaka kumupezera ubwino, za iye mwini analibe ngakhale liwu limodzi. A Evelyn anayang'ana wotchi n'kuyamba kusonkhanitsa makalata aja.

Pamenepo ndinachita chinthu chokhacho chomwe ndimachidziwa. Ndinatsika pa mpando, ndinanjuta pansi pa kapeti ya eni ake, n'kuomba m'manja mwaulemu ngati ndafika pa khomo la anthu kudzakamba za ukwati.

"Madamu, kwathu mwana sadzilankhulira. Womulankhulira ndine. Ndi ntchito yanga imeneyo, ndipo ndiyokhayo yomwe ndabwera nayo yoona. Ndiloleni."

A Evelyn anandiyang'ana, anayang'ana Zulfa, kenako anatembenuza pepala lija lomwe ine ndinalephera kulembapo.

"Chabwino. Inu bambo lankhulani chakwathu. Inu chemwali lembani m'Chingerezi zomwe akunenazo, ikhale kalata yanu yofunsira ntchito. Mphindi khumi."

Ndinayamba. Ndinati mwana uyu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anthu a m'dera lathu ankabwera ndi mapaketi a mankhwala kuti awawerengere kamwedwe kake, ndipo akawerenga ankawabwereza kawiri kuti asakalakwitse kunyumba. Ndinati ali folomu folo mayi ake anagonekedwa m'chipatala mwezi wathunthu, iye ankawadikirira yekha, mabuku ali pa mwendo, mayeso n'kukhoza kuposa sukulu yonse.

Cholembera chinaima. "Amalume, zimenezo..."

"Lemba iwe! Ndikulankhula ndine."

Ndinati anthu amabwera pa khonde paja ndi manyazi, akuti ine ndilibe choti n'kulemba, ndine munthu wamba. Iye amawakhazika pansi n'kuwafunsa mpaka apeze chomwe amachita bwino, ndipo amachoka akuyenda mowongoka. Sanamuikirepo munthu bodza, ngakhale womupempha kuti amuikire. Ndinati zaka ziwiri tsopano anthu amene anawalembera amadutsa pa msewu m'mayunifolomu, iye amawakwezera mkono mosangalala. Akatha amapita kuseri kwa golosale kukalira. Ine ndinamuonapo kawiri, n'kunamizira kuti ndikufuna chingwe cha mbuzi.

Ndinkafuna kulekera pomwepo, koma pakamwa panapitirira pokha.

"Ndipo ine malume wake, woyenera kumulambulira njira, ndinabwera kuno kudzamubera ntchito. Chifukwa cha baji, madamu, kachingwe ka m'khosi. Iye anadziwa. Koma anandilembera kalata yoposa yake, n'kundiphunzitsanso Chingerezi m'minibasi anthu akutiseka. Ndine munthu wopanda manyazi. Lemba zimenezo, Zulfa, usasiye."

Ndinatha. M'ofesimo munangotsala kulira kwa cholembera. Zulfa analemba osadzutsa mutu, anafufuta penapake, anasaina, n'kupereka ndi manja awiri.

A Evelyn anavala magalasi n'kuwerenga. Anafika pansi, anabwereranso pamwamba. Ine ndili chinjutire, miyendo itachita dzanzi, ndikuwerenga nkhope yawo poti pepalalo sindikanatha.

"Dzanja ndi lomwe lija," anatero. "Zamankhwala zilimo, zakuchipatala zilimo, zapakhonde zilimo, ndipo zakoma kuposa mmene anazinenera eni akewa. Koma chomaliza chija sindikuchiona. Amalume anu anati anabwera kudzakuberani ntchito. Anakuuzani kuti mulembe."

Kwa nthawi yoyamba chilowereni, Zulfa anadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso.

"Zimenezo ndi za kunyumba, madamu. Sizipita pa pepala."

A Evelyn anatenga kalatayo n'kuiika mu fayilo yatsopano.

"Lolemba, hafu pasiti seveni. Mubwere ndi digiri yanuyo. Amalume muwasiye kunyumba."

Ndinalira, inde, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, pa kapeti ya eni ake. Sikuti ndinkalirira ntchitoyo ayi. Ine ndinkayesa kuti wobisa manyazi a mbumba yathu ndine, koma pamene ndinadzivula ndekha pamaso pa mlendo, amene anandifunditsa ndi mwana.

Zulfa anandigwira m'khwapa n'kundiimiritsa. Anandikonza kolala ya jekete, n'kundipatsa mpango wanga womwe unagwera pansi.

"Amalume, pukutani m'maso," anatero chapansipansi. "Panjapo pali anthu."